Tinjoka ta mu Nyimbo ya Masika

A Bonifasio Namaona anapuma pa ntchito ya uphunzitsi kalekale, koma uphunzitsiwo sunamve kuti wapumitsidwa. Choko ankayendabe nacho m'thumba la malaya, ndipo munthu akawafunsa njira ya ku Njuli ankayamba wamva kaye mbiri ya msewuwo. Ku parishi anali woyimbitsa kwaya. Kupatula za m'katekisimu, chikhulupiriro chawo chachikulu chinali chakuti chilichonse chosindikizidwa pa pepala chili ndi chifukwa. Kadontho sikagwa kokha ngati chitosi cha mbalame. Alipo munthu amene anakaika pamenepo, ndipo munthuyo anayamba waganiza.

Mayi awo, amene mudzi wonse unkawatchula kuti anganga a Bernadetta, anali ndi kanyimbo kamodzi. Ankakayimbira m'mphuno posenda nandolo, posesa pabwalo, ngakhale pothamangitsa nkhuku. Mawu kanalibe. Mawuwo anapita ndi mayi a angangawo, amene analowa m'dziko muno wapansi kuchokera ku Mozambiki ali mtsikana, n'kumwalira mwana wawo, a Bernadettawo, asanayambe kusenza ndowa yodzaza. Chinatsala ndi kayimbidwe kokha, ndi liwu limodzi la Chilomwe, Muluku, kutanthauza Mulungu, limene linkatulukira pakati pa nyimboyo ngati mwala pakati pa mtsinje wodzaza.

Dzinja lapitalo anganga anagonekedwa ku chipatala cha mishoni chifukwa cha chifuwa. Sisitere wina wa ku Mozambiki, dzina lake Andrea, akudutsa ndi mankhwala anawamva akuyimba, ndipo anaima. Anati kwawo, kuseri kwa phiri la Mulanje, nyimboyo ikadalipo, amaiyimba pa masika popereka zokolola ku guwa. Mawu onse sankawakumbukira, ndipo nthawi yake yobwerera kwawo inali itakwana. Koma analonjeza kuti akauza katekisiti wa kumeneko, a Kalisto, kuti awalembe n'kuwatumiza.

Anganga anatuluka m'chipatala atachepa thupi, khutu limodzi litatsekeratu sitolo.

"Iwe Boni," anatero. Padziko lonse ndi iwo okha amene ankaloledwa kudula dzinalo. "Ine basi yanga yaima kale pa siteji. Kodi ndikafika kwa amayi ndikawayimbire m'mphuno ngati bemberezi?"

"Amayi, pa masika a chaka chino kwaya yonse idzakuyimbirani nyimbo imeneyi, ndi mawu ake onse, pamaso pa mpingo."

"Lonjeza pang'ono, iwe. Ukalonjeza zambiri umatalikitsa."

A Namaona anaseka, koma anaona mmene mayi awo ankavutikira kunyamula kapu. Masika a chaka chamawa sanali oti n'kuwadalira.

Imelo ya a Kalisto inafikira pa kompyuta ya mu ofesi ya parishi. Kompyutayo inali mphatso ya abwenzi akunja, ya nthawi imene abwenziwo anali akadali ndi tsitsi lakuda. Inkafundidwa chitenje kuopa fumbi, ndipo ikayatsidwa inkayamba yapuma kaye mozama ngati munthu wokwera phiri la Chiradzulu. Mlembi wa parishi anasindikiza uthengawo n'kuupereka kwa aphunzitsi ndi manja awiri.

Anakauwerengera pa khonde, atapukuta magalasi. Pamwamba a Kalisto analemba moni m'Chinyanja chotsimphina koma chaulemu. Pansi pake panali nyimbo. Chilomwe cha a Namaona chinali cha anthu ambiri a msinkhu wawo: moni, kuthokoza, ndi mawu angapo oyenera mbuzi ikalowa m'munda. Komabe kuwerenga ndi kuwerenga, chilembo sichisintha nkhope chifukwa chawoloka malire. Chinawaimitsa ndi alendo amene anali pakati pa mawuwo. Apa ndi apo panaima A wamkulu, kanjoka katagona pamutu pake, ndipo pambali pake kanthu kena kachilendo. Pena panalembedwa Ã©, pena Ã³, pena Ã¡. Ngakhale dzina la Mulungu linali MulukÃº.

Anayesa kulowetsa mawuwo m'kayimbidwe ka mayi awo, kamene anakula akukamva. Sizinakwane. Mzere uliwonse unkatsala ukulendewera ngati miyendo ya munthu wovala thalauza la mng'ono wake.

Munthu wina akanakayikira pepala. A Namaona anakayikira mayi awo. Ndipo zinali zomveka ndithu: nyimbo imene yayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki, n'kukhala m'mphuno za munthu mmodzi moyo wake wonse, iyenera kuti inaperepeseka ngati khasu lakale. Kayimbidwe kenikeni kanali pa pepalapo, m'tinjokato. Kankangodikira munthu wodziwa kuwerenga zizindikiro, ndipo mwamwayi munthuyo ankakhala m'boma lomweli.

Loweruka anakopera nyimbo yonse pa bolodi la m'holo ya parishi, kanjoka kalikonse ndi kupindika kwake.

"Kanjoka aka," anauza kwaya, "kakutiuza kuti tikoke mawu. Aaaa. Kanthu kotsatirako kakutiuza chochita ndi thupi. C wa m'kabwaloyu ndi kuomba m'manja, pakuti manja akakumana amapanga kabwalo. Ka 3 kakang'onoka ndi kubwereza katatu, apo palibe chovuta. Kamfuwuliro kozondoka aka ndi kuwerama. Kadzira kam'mwambaka ndi kuponda pansi."

"Kadzira kali m'mwamba, ife tiponde pansi?" anafunsa mayi Angella, oyimba mawu achiwiri, amene ankagulitsa matimati pa msika wa pa Boma ndipo sankalandira chinthu asanachitembenuze.

"Dzira likakhala m'mwamba limathera kuti, mayi Angella?"

Kwaya inavomereza kuti limathera pansi.

"Koma aphunzitsi, tizinthu timeneti ine ndinationapo pa foni yanga, mu uthenga wotsatsa malonda. Kodi otsatsawonso amafuna kuti ndiwerame?"

"Foni yanu, mayi, tonse tikudziwa kuti inagwerapo m'ndowa. Uwu ndi uthenga wochokera kunja kwa dziko."

Anayamba kuphunzira. Kayimbidwe a Namaona anakapeka okha, kutsatira tinjoka, ndipo usiku ndi usana ankathokoza mumtima kuti makolo anali anthu adongosolo chotere. Nyimbo inatalika, pakuti ka 3 kanali ponseponse. Fortune, mwamuna wamtali woyimba besi, anakonda kwambiri gawo loponda pansi mpaka anadula patapata. Kunena zoona, zinkaoneka bwino. Anthu odutsa ankaima pa windo. A Namaona anayamba kulingalira zolemba kabuku ka malembedwe a nyimbo a Alomwe akale, ndipo chithunzi choika kuchikuto anali atachisankha kale, chija anajambulitsa atavala taye pa tsiku lotsanzikana ndi sukulu.

Masika atayandikira, anatenga kwaya yonse kupita nayo kunyumba, kuti mwini nyimbo alawe asanalawe mpingo. Tsikulo kunalinso mwana wawo wamkazi, Josephine, amene anabwera pa minibasi kuchokera ku Limbe, komwe ankagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Josephine anatengera bambo ake zinthu ziwiri: chipumi, ndi chizolowezi choyankha funso lalifupi ndi phunziro lathunthu.

Anganga anakhala pa mkeka, khutu lamoyo atalilozetsa kwa oyimba. Kwaya inakoka mawu, inaomba m'manja, inawerama, inabwereza katatu, inaponda pansi mpaka nkhuku zinasamukira kwa aneba. Itamaliza, a Namaona anatembenuka pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene akudziwa kuti misozi ikubwera ndipo akufuna aipatse mpata.

"Kodi ku tchalitchiko kwachuluka udzudzu?" anafunsa anganga.

"Ayi amayi, imeneyi ndi nyimbo yanu ija."

"Yanga iti?"

"Ya mayi anu. Ya Muluku."

"Ine ndamva Mulukaaa, kenaka Fortune akupha nyerere. Mwayimba bwino, ana anga, Mulungu akudalitseni, mumwe madzi. Koma amayi akanati aziyimba chonchi panjira, kuno sakanafika."

Oyimba anaseka mwaulemu, anamwa madzi, n'kumabalalika. Anganga anakoka lichero lawo la nandolo n'kuyamba kusenda. Sanayimbe. Zala zinkagwira ntchito, koma m'mphuno munali zii. A Namaona anali asanamvepo mayi awo akusenda nandolo mwakachetechete, ndipo bata limenelo linawaopsa kuposa chifuwa chija.

Josephine anadikira mpaka woyimba womaliza atakhota pa mtengo wa mango. Chimenechi bambo ake anadzachikumbukira pambuyo pake, n'kuchiika pamodzi ndi zinthu zina zimene munthu amathokoza osazitchula.

"Ababa, tandionetsani pepala lija."

Analiyang'ana. Analuma mlomo wam'munsi, n'kuyang'ana kumwamba kwakanthawi ngati akuona ngati kugwa mvula.

"Tiyeni ku ofesi ya parishi."

Kompyuta itavulidwa chitenje n'kumaliza kupuma kwake, Josephine anatsegula uthenga wa a Kalisto, kenaka anatsegula kuseri kwake, kumene kumakhala mizere imene anthu wamba saiona. Anayendetsa chala pa galasi, n'kugwedeza mutu ngati nesi amene wapeza malungo omwe amawayembekezera.

"Kompyuta, ababa, zilembo sizidziwa. Imadziwa manambala okha. Mukalemba A, iyo imatumiza nambala, ndipo inzake ya uko ikalandira imayang'ana pa tchati chake n'kuona kuti nambala imeneyi ndi A. Vuto ndi lakuti matchatiwo ndi ambiri. Pa zilembo wamba onse amagwirizana. Koma a Kalisto amalemba monga anaphunzirira ku sukulu za Chipwitikizi, kuika kachizindikiro pamwamba pa zilembo zina. Tchati chawo, chotchedwa UTF-8, chilembo chotere chimachinyamula ndi manambala awiri, ngati anthu awiri onyamula thumba limodzi la chimanga. Mukunditsatira?"

"Ndinaphunzitsa masamu iwe usanabadwe."

"Chabwino. Ndiye pamutu pa imelo pamayenera kukhala mzere wouza wolandira kuti awerenge ndi tchati chakutichakuti. Apa mzerewo palibe, pulogalamu yotumiza sinauike. Agogo a kompyuta awa atausowa anangotenga tchati chawo chakale, chimene nambala iliyonse ndi chilembo payokha. Anawerenga onyamula aja, thumba n'kulisiya pamsewu."

A Namaona anaweramira pa galasi.

"Ndiye A wa njoka uja?"

"Ndi wonyamula wakutsogolo. N'chifukwa chake mukumupeza paliponse."

"Nanga kadzira?"

"Wakumbuyo."

"Ka 3?"

"Wakumbuyonso, ababa, wa thumba lina. Musadandaule, si inu nokha. Ine kuntchito ndinathera dzinja lathunthu ndikulimbana ndi zomwezi, mayina a anthu okhala ndi ŵ ankatuluka ngati apondedwa ndi lole. Sopo amene ndimakubweretserani uja ndimagula ndi ndalama za tinjoka timeneti. Mukudziwa, nkhaniyi inayamba kale, pamene makina oyamba otumizira mauthenga..."

Ndipo anafotokoza mbiri yonse ya matchati, kuyambira pachiyambi. A Namaona anamva koyamba m'moyo wawo mmene amamvera munthu wofunsa njira ya ku Njuli.

Pomaliza Josephine anatsegula kamndandanda ka pulogalamuyo, n'kusankha tchati choyenera. Galasi linaphethira. Tinjoka tonse tinachoka pamodzi ndi timazira take, ndipo mawu anafupika n'kukhala bwinobwino m'mizere yawo. Pamene panali MulukÃº uja panatsala Mulukú, ndi kamzere kakang'ono pamwamba pa chilembo chomaliza.

"Wafufuta nyimbo," anatero a Namaona.

"Ndabweza zilembo, ababa."

"Nanga kayimbidwe tikatenga kuti? Masika ndi Lamulungu likubwerali."

Apa phunziro la Josephine linathera. Anati mwina a Kalisto angajambule mawu pa foni n'kutumiza, koma mlembi wa parishi anakumbutsa kuti bamboyo amaona imelo pokhapokha akapita ku tauni, ndipo ku tauni amapita mvula ikalola ndi njinga ikalola. Anasindikiza pepala latsopano, anafundikanso kompyuta, n'kubwerera kunyumba. Panjira, m'maganizo mwawo, a Namaona anachotsa taye pa chikuto cha kabuku kaja, kenaka chikuto, kenaka kabuku.

Dzuwa linali litapendeka pamene anakhala pa khonde. Anganga anali pa mkeka pomwe paja, lichero pamiyendo. Posowa chochita, a Namaona anayamba kuwerenga pepala latsopanolo mokweza, osayimba, liwu limodzilimodzi ngati mwana wa Sitandade 1. Sankawerengera munthu. Ankangofuna kumva chimene chatsala zokongoletsa zonse zitachoka.

Ali pa mzere wachiwiri, nandolo analeka kugwa m'lichero.

"Bwereza pamenepo."

Anabwereza.

"Osati choncho, iwe. Ukutafuna mawu ngati chinangwa chosapsa. Tatchula bwino." Ndipo anatchula okha liwulo, lonse, mmene liyenera kumvekera, ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake pa msika. "Pitiriza."

A Namaona anapitiriza. Chapansipansi kanyimbo kaja kanayamba m'mphuno monga mwa masiku onse, ndipo kenaka, kwa nthawi yoyamba chibadwire iwo, anaona pakamwa pa mayi awo pakutseguka. Iwo ankapereka mzere, anganga n'kuulandira n'kuuika m'kayimbidwe, ndipo unkalowa ngati khasu mu mpini wake. Panalibe chotsala, panalibe cholendewera. Muluku anatulukira pamalo pomwe paja ankatulukira zaka zonsezi. Pofika ndime yomaliza anganga anali patsogolo, pepala likuwatsatira m'mbuyo.

Josephine anaima pakhomo ndi beseni m'manja. Sananene kanthu, chimene kwa munthu wa banja limenelo sichinali chinthu chaching'ono.

"Kodi ikunena chiyani, amayi?" anafunsa a Namaona.

"Ikuthokoza. Miyendo kuti inafika. Mbewu kuti sinawole m'phukusi. Ndi anthu amene tinawapeza, kuti anatibwereka khasu."

"Basi?"

"Umafuna ithokozenso chiyani? Mayeso a boma?"

Mawa lake kwaya inaitanidwa mwadzidzidzi. Inapeza bolodi litafufutidwa, ndipo patsogolo, pa mpando wa aphunzitsi, panakhala anganga atavala juzi. A Namaona analengeza kuti kafukufuku wapita patsogolo, ndipo kuti kuyambira lero kayimbidwe kazichokera kwa amayiwa.

"Ndiye dzira lija lagwa?" anafunsa mayi Angella.

"Lagwa, mayi. Tiyeni tiyambe."

Anganga anali mphunzitsi wankhanza kuposa mwana wawo. Bolodi analibe nalo ntchito. Ankayimba mzere, kwaya n'kubwereza, ndipo wolakwitsa ankauzidwa dzina la agogo ake ndi mmene agogowo akanachitira manyazi. A Namaona anaima pambali, choko chili m'thumba, akugwedeza dzanja kuti anthu asaiwale kuti woyimbitsa alipo.

Tsiku la masika anganga anapita ku tchalitchi pa njinga ya kabaza ya a Denis, amene anakana kupalasa, n'kumangoikankha pang'onopang'ono, Josephine atawagwirira kumbuyo. Kutsogolo kwa guwa kunadzaza madengu a chimanga, nandolo, mbatata, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi mbuzi imodzi imene inali ndi maganizo akeake pa za mwambowo. Nthawi ya zopereka itakwana, a Namaona anakweza dzanja.

Nyimbo inali yaifupi, yopanda kuwerama, yoyenda ngati munthu wosenza katundu pa ulendo wautali. Pa ndime yachiwiri, ku mabenchi akumbuyo, nkhalamba zina zimene palibe anazimvapo zikuyankhula Chilomwe pagulu zinayamba kugwedeza milomo. Anganga anayimba atakhala, maso ali gwa ku guwa, mawu aang'ono ngati ulusi koma osaduka. A Namaona ankawayang'ana m'mbali mwa magalasi, ndipo kawiri konse dzanja lawo linaiwala ntchito yake. Kwaya sinazindikire n'komwe.

Pa liwu lija, pa Muluku, phazi la Fortune, limene nkhani ya matchati inali isanalifike, linaponda pansi lokha. Tchalitchi chonse chinamva. Mbuzi inayankha.

Misa itatha, a Namaona anagwada pambali pa mayi awo, kumbali ya khutu lamoyo.

"Mwamva, amayi?"

"Ndamva. Tsopano ndili ndi katundu wopita naye." Anawagwira pa chipumi, monga ankachitira poyesa ngati mwana watentha thupi. "Zikomo, Boni. Unatalikitsa, koma wafika."

"Za phazi lija mutikhululukire. Ndimuyankhula."

"Musiye. Amayi ankakonda anthu otero, ankati ndi amene amafupikitsa njira."

Imelo yothokoza a Kalisto ndi Sisitere Andrea anailembetsa kwa Josephine asanakwere minibasi. Inayamba ndi mbiri ya parishi, koma mwanayo anaidula mwaulemu mpaka panatsala zimene zinachitikadi: kuti mawu anafika, kuti anapeza kayimbidwe kakuwadikira, ndipo kuti mayi wina wokalamba wa ku Chiradzulu akuti Mulungu awasunge. A Namaona anaumirira kuti dzina la Mulukú lilembedwe ndi kamzere kake, monga analilembera mwini wake.

"Mzere wa tchati uja wauika pamutu?"

"Ndauika, ababa."

"Taonanso. Kumeneko nakonso kuli oyimbitsa kwaya."

Basi ya anganga ija ikadali pa siteji, dalaivala sanaoneke. Masiku ano nyimboyo amaiyimba ndi pakamwa, ndime zonse, posenda nandolo, posesa, pothamangitsa nkhuku, makamaka masana pamene mwana wawo amafuna kugonako pang'ono. Poti khutu lina linatseka, sadziwa kuti amakweza. A Namaona amagona chagada pa khonde, nyuzipepala pankhope, tulo osabwera, n'kumamvetsera mpaka Muluku atatulukira pamalo pake.